Masampo athu azingoyenda maulendo ataliatali mpaka liti?

Mai Nachisale:
Mwaswera bwanji nonse. Ndakhala chete masiku ambiri pa gulu pano koma lero ndili ndi chondisautsa mumtima. Ine ndimagwira ntchito mu labu pa chipatala china cha boma kuno kum'mwera, chaka chino ndi cha 14. Mwezi watha kunabwera ana 7 a m'mudzi umodzi, onse thupi lotentha, m'mimba mopweteka, malungo tayeza mulibe. Adokotala anakayikira taifodi. Kuti titsimikize timayenera kuthira magazi m'mabotolo aja odzalira tizilombo, tione kamene kamere, kenako tione mankhwala amene angakaphe. Mabotolowo tinalibe. Ndiye tinatenga chimbudzi cha ana onse n'kuika m'timachubu tosungira, kudikira galimoto yopita kutauni. Magetsi anazima Lachisanu madzulo, jenereta inalibe dizilo, galimoto inabwera Lolemba masana. Nditatsegula filiji m'mawa wa Lolembalo, m'kati munali mofunda ngati m'khwapa. Zonse tinataya. Ana anapatsidwa mankhwala mongoganizira. Ambiri anachira, koma mmodzi matumbo anabooka, anamutumiza ku chipatala chachikulu ndipo sindinamvenso za iye.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti pa mtunda wosakwana makilomita 20 kuchoka pamene ndilipa pali koleji yophunzitsa ana za labu. Ali ndi incubator yabwinobwino, bokosi lofunda lomeretsera tizilombo, ali ndi sola, filiji yawo siizima. Ana awo amabwera kwa ife kudzaphunzira ntchito chaka chilichonse. Koma palibe pepala lililonse lotilola kutengera masampo kumeneko. Funso langa kwa inu odziwa: timamva kuti Malawi ndi wotchuka pa kafukufuku wa zaumoyo, nanga bwanji ma labu athu ndi makoleji athu sadziwana?

Bambo Mbewe (adimini):
Pepani kwambiri Mai Nachisale. Nkhaniyi ndi yathu tonse, tiyeni tiikambirane mofatsa. Chonde tisatchule maina a zipatala kapena a anthu pamene tikudandaula.

Chisomo M.:
Amayi, ine ndili chaka chachitatu, ndikuphunzira biomedical sciences. Zimene mwanenazi ndi zathunso koma mozondoka. Ife makina a PCR, ozindikira tizilombo poona chibadwa chake, tinawaphunzira pa bolodi. Ndikhoza kukujambulirani mmene amagwirira ntchito, koma dzanja langali silinawakhudzepo. Pomwe anzathu ena amene anapeza mwayi wa attachment, kukaphunzira ntchito, ku ma labu a kafukufuku ku Blantyre ndi ku Lilongwe anabwerako ali anthu ena. Mwayiwo ndi wa ochepa.

Dr. Kalua ku Durban:
Mai Nachisale, funso lanu ndi lolemera ndipo ndiyankha motalikirako, mundikhululukire.

Kutchukako si kwabodza. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala yunivesite ya KUHeS. Pambali pa chipatala cha Queens pali malo a kafukufuku a Malawi-Liverpool-Wellcome kuyambira 1995. Blantyre Malaria Project inayamba kale m'zaka za m'ma 1980, ndipo njira imene madokotala ambiri padziko amayezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a m'bongo imatchedwa Blantyre Coma Score, dzina la mzinda wathu. Ku Lilongwe kuli UNC Project pa Kamuzu Central. Kafukufuku wa HPTN 052 amene mu 2011 anaonetsa kuti munthu akayamba msanga ma ARV mwayi wopatsira mnzake kachilombo umatsika ndi 96 pa 100 alionse, mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anali momwemo.

Koma taonani mmene zinamangidwira. Malo alionsewa ali ndi bwenzi lake kunja: awa Liverpool, awa North Carolina, awa Baltimore, awa Michigan, awa London. Chingwe cha aliyense chinaloza kutsidya kwa nyanja. Ndiye kwa nthawi yaitali kunali kosavuta kuti chubu cha magazi chichoke ku Blantyre kukafika ku Ulaya kusiyana ndi kuti chichoke ku boma lina la m'dziko momwemo kukafika ku Blantyre. Sindikunyoza abwenziwo ayi, ine ndemwe sukulu yanga anandilipirira ndi iwo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma zingwe zopingasa, za koleji ndi koleji, labu ndi labu, dziko ndi dziko loyandikana nalo, zimenezo mlendo sangatilukire. Ndi zimene zikusowa pa nkhani yanuyi.

Mai a Tadala, Ndirande:
Ine si wa zaumoyo, ndimagulitsa zovala, anandilowetsa pa gulu pano ndi mlamu wanga. Koma mwatchula taifodi ndiye ndilankhulepo. Mwana wanga anali nawo mu kafukufuku wa katemera wa taifodi uja mu 2018. Anabwera kusukulu kwawo, anatiitana makolo, anatifotokozera m'Chichewa chomveka kuti ana ena alandira wa taifodi ena alandira katemera wina, ndipo palibe adziwe. Ndinasaina ndili ndi mantha, anthu ankanena zambiri m'makwalalamu. Mwana akangotentha thupi timapita naye kuchipatala, amamutenga magazi, amatiuza zotsatira. Pamene boma linadzabaya ana onse m'dziko muno mu 2023 ndinamuuza mwana wanga kuti iwe unatsogola. Ndiye ndikudabwa kumva kuti ana ena akusowa botolo lomwelo limene mwana wanga ankamutengera magazi.

Dr. Kalua ku Durban:
Mai a Tadala, zikomo pobweretsa zimenezi. Ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa ndi amene analowa, ndipo katemerayo anateteza pafupifupi 80 pa 100 alionse. Koma chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti kafukufukuyo anatheka chifukwa pa Queens akhala akudzala magazi a odwala otentha thupi mosadukiza kuyambira 1998. Ndi mabuku a zaka zonsezo amene anaonetsa kuti cha m'ma 2011 taifodi yosamva mankhwala akale inayamba kukwera mu Blantyre. Popanda anthu a pabenchi ngati Mai Nachisale, othira magazi m'botolo tsiku ndi tsiku, palibe akanadziwa. Tsopano funsani: mudzi wa ana 7 aja ukuoneka m'buku la ndani? Palibe.

Mai Nachisale:
Ndi zimenezotu adokotala. Mu lipoti la mwezi ndinalemba kuti akuganiziridwa taifodi, basi. Chaka chamawa wina adzawerenga kuti kuno taifodi kulibe.

Bambo Tembo, Chipata:
Moni abale a ku Malawi. Ine ndine wa labu kuno ku Eastern Province. Ndikufuna ndiwonjezere mbali ya malire. Kuchoka pano pa Chipata kupita ku Lilongwe ndi makilomita osafika 200, pomwe ku Lusaka ndi oposa 500. Odwala amawoloka pa Mwami ndi Mchinji tsiku lililonse, ena m'njira za kumunda, maliro ndi maukwati ndi amodzi. Wodwala TB akhoza kuyamba mankhwala kuno n'kukamalizira kwa amalume ake ku Mchinji, kapena osamaliza n'komwe. Koma sampo yovuta ikapezeka, iyende ulendo wa ku Lusaka kapena ku Ndola, chifukwa kuidutsitsa pa chipata cha malire kumafuna mapepala amene munthu wamba wa labu sangawapeze mu sabata imodzi. Ife tili ndi malo ofufuza matenda ku Ndola amene anayamba mu 1975 ndi dzina la TDRC, tili ndi Macha kum'mwera kumene afufuza malungo zaka zambiri, tili ndi University of Zambia. Inu muli ndi zanu. Udzudzu wa ku Chipata ndi wa ku Mchinji ndi umodzi, koma ofufuza ake amakumana kawirikawiri pa misonkhano ya kunja.

Achimwene Juliasi, Angonia:
Bambo Tembo mwandilankhulira. Kuno n'kuposa pamenepo. Maputo ali makilomita oposa 1,500 kuchoka ku Tete, pomwe Dedza ndimaiona ndi maso. Malo athu otchuka a kafukufuku ali ku Manhiça, anayamba mu 1996, ntchito yawo ndi yaikulu pa malungo, koma ndi kum'mwera kwenikweni. Kumbukirani poliyo. Mu Febuluwale 2022 analengeza kuti mwana wa ku Lilongwe wapezeka nayo, miyezi yochepa chabe inapezekanso kuno ku Tete. Kachilombo sikanafunse pasipoti. Vuto lina ndi chilankhulo: ife mapepala athu ndi a Chipwitikizi, inu Chingerezi. Koma ine ndi inu tikumvana pano m'Chichewa, ndipo odwala athu amalankhula chomwechi.

Chisomo M.:
Za poliyozo ndinamva kuti masampo anakayezedwa kunja, ndi zoona?

Dr. Kalua ku Durban:
Ndi zoona mwanawe. Anapita ku NICD, labu yaikulu ya matenda opatsirana ku Johannesburg, ndipo kutsimikiza kunachitikanso ku CDC, bungwe la America lolimbana ndi matenda. Kumeneko ndi kumene anaona kuti kachilomboko n'kapachibale ndi kamene kanali ku Pakistan. Mwanayo anafa ziwalo mu Novembala 2021, chilengezo chinatuluka mu Febuluwale. Werengani miyeziyo. Komabe apa ndisiyaneko pang'ono ndi maganizo akuti chilichonse chiziyezedwa kwathu. Si dziko lililonse lingakhale ndi labu ya chilichonse. Kutumiza ku Johannesburg si manyazi, ndi mgwirizano womwewo tikuufunawu. Chofunika ndi chakuti ulendowo ukhale waufupi, zotsatira zibwerere msanga, ndipo mwana ngati Chisomo apite limodzi ndi masampowo akaphunzire.

Agogo Gondwe:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga pang'onopang'ono, maso anatha. Ine ndinapuma ntchito ya u clinical officer zaka zapitazo, kwathu ndi ku Karonga. Ndikufuna ndikukumbutseni za Chilumba. Ntchito ya kafukufuku inayamba kumeneko mu 1979, nthawi imeneyo nkhani inali khate. Anyamata ndi atsikana a m'midzi mwathu momwemo ndi amene anaphunzitsidwa kuyenda khomo ndi khomo, kuona khungu la munthu aliyense, kulemba nyumba iliyonse. Ndinawaona ndi maso anga akuwoloka mitsinje nthawi ya dzinja mafayilo ali pamutu. Kuchokera m'mafayilo amenewo dziko linadziwa kuti katemera wa BCG ankateteza khate kwathuko koma TB ya m'mapapo ayi. Lero ofufuzawo amatchedwa MEIRU, afikanso ku Lilongwe, akufufuza shuga ndi BP.

Chimene ndikufuna kunena ndi ichi. Chimene chinasunga ntchito imeneyo zaka zonsezi si makina, ndi kukhulupirirana ndi mafumu ndi anthu. Munthu akakupatsa magazi ake wakupatsa chinthu chachikulu. Mukukumbukira za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu anaphedwa, azaumoyo ankaopa kulowa m'midzi. Mphekesera zotere zimamera pamene anthu aona magazi akutengedwa koma osaona yankho likubwerera. Mukamakamba zogwirizanitsa makoleji ndi ma labu, musaiwale kuti yankho lizibwerera pansi pa mtengo pamene munasonkhanitsa anthu poyamba.

Mai a Tadala, Ndirande:
Agogo mwanena zoona. Ife chimene chinatilimbitsa mtima n'choti ankabweranso kudzatiuza.

Injiniya Phiri:
Ndilowepo ndi za zitsulo, poti ndiyo ntchito yanga. Ndimakonza makina a m'zipatala. Mai Nachisale anena za filiji, ine ndikuuzeni za chipinda china chimene ndinatsegula pa koleji ina chaka chatha. Munali ma centrifuge 4, makina ozunguza magazi kuti alekane, makina oyezera magazi 2, ndi fuliza imodzi yozizira kufika madigiri -80, zonse zoperekedwa ndi anthu akufuna kwabwino, zonse zakufa, zokutidwa ndi nsalu. Fulizayo vuto lake linali fumbi lotseka sefa kumbuyo mpaka kompuresa inapsa. Munthu akanamatsuka sefayo mwezi ndi mwezi, bwenzi ikugwirabe ntchito. Centrifuge imodzi inangofuna timakala tiwiri ta mu mota. Makina a magazi aja analibe vuto lililonse, kungoti mankhwala ake amagulidwa kwa kampani imodzi yokha, ndi ndalama zakunja, ndipo pulojekiti imene inkagula inatha.

Ndiye ine ndikamva mawu akuti mgwirizano ndimaganiza zinthu zazing'ono. Makoleji 5 atagula makina a mtundu umodzi, injiniya mmodzi akhoza kuwazungulira onse ndi bokosi limodzi la zipangizo. Ataitanitsa mankhwala oyezera pamodzi mtengo utsika, ndipo a wina akatsala pang'ono kutha mphamvu apita kwa mnzake m'malo motayidwa. Mayunivesite a MUBAS ndi MUST akutulutsa ana a biomedical engineering, odziwa makina a m'zipatala, tsopano. Anawa akusowa pogwira ntchito pamene makina akugona m'zipinda. Nkhani ya Pumani, kamakina kothandiza makanda kupuma kamene kanayesedwa pa Queens mogwirizana ndi Rice University ya ku America, inationetsa kuti mainjiniya ndi anamwino akakhala pamodzi zinthu zimatheka.

Aphunzitsi Kamanga:
A Phiri mwakhudza pamene pakundipweteka. Ine ndimaphunzitsa za labu pa koleji ina yaing'ono ya mishoni. Mai Nachisale, sindikudziwa ngati koleji mukuinenayo ndi yathu, koma nkhani yake ndi yofanana. Ndikuuzeni chifukwa chake timakana, si nkhanza. Sampo ya wodwala ikalowa m'labu yophunzitsira, ndani asaine zotsatira? Ikatayika mlandu ndi wa ndani? Mwana wasukulu akadwala chifukwa cha kachilombo kamene tadzala, ndani ayankhe kwa makolo ake? Labu yathu siinalembetsedwe kuti izipereka zotsatira za odwala. Zonsezi zikhoza kukonzeka ndi pepala la masamba atatu pakati pa akulu a chipatala ndi akulu a koleji, ogwira ntchito a chipatala n'kumabwera kudzagwiritsa incubator yathu, ana athu n'kumaonerera. Ndinalembapo maganizo amenewa kawiri. Onse anavomera kuti ndi abwino, kenako anafunsa kuti ndalama ya msonkhano wosainirana ichokera kuti.

Chinanso, ife a makoleji aang'ono timakumbukiridwa pofuna ana oti akatolere masampo m'midzi. Polemba pempho la ndalama sitiitanidwa, polemba zotsatira dzina lathu limakhala kumapeto m'mawu othokoza. Ine ndili ndi mafunso anga a kafukufuku. Likodzo lavuta m'midzi yozungulira koleji yathu, ana akukodza magazi chaka ndi chaka ngakhale amamwa mankhwala kusukulu. Ndikufuna kudziwa chifukwa chake. Ndilibe wondiphunzitsa kulemba pempho loti makomiti ovomereza kafukufuku, COMREC kapena NHSRC, alivomereze, ndilibe wondithandiza masamu ake.

Dr. Kalua ku Durban:
Aphunzitsi, nditumizireni ku inbox zimene munalemba za likodzo, ndiziwerenga sabata ino. Sindikulonjeza ndalama chifukwa ndilibe, koma kukonza funso ndi masamu ndikhoza.

Zoyesayesa zoluka zingwe zopingasa zinakhalapo. Kunali SACORE, imene inalumikiza College of Medicine ndi mayunivesite a ku Zambia ndi Zimbabwe pophunzitsa ofufuza. Kuli CARTA imene imaphunzitsa a PhD ochokera m'mayunivesite angapo a mu Africa, University of Malawi ili momwemo. Kunakhazikitsidwanso TESA yolumikiza malo oyesera mankhwala kum'mwera kuno. Africa CDC, bungwe lolimbana ndi matenda mu Africa, inakhazikitsidwa mu 2017 ndipo ofesi yake ya chigawo chino ili ku Lusaka. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi AMBITION, kafukufuku wa matenda oumitsa khosi aja amagwira anthu amene chitetezo chatsika ndi HIV. Zipatala za ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe zinagwirira pamodzi, odwala oposa 800, n'kupeza kuti mankhwala a m'diripi operekedwa kamodzi mwamphamvu, pamodzi ndi mapilitsi, amathandiza mofanana ndi diripi ya sabata yonse, ndipo savulaza thupi kwambiri. WHO inasintha malangizo mu 2022. Chipatala chimodzi pachokha sichikanapeza odwala okwanira kuyankha funso limenelo.

Koma ndivomere zimene Aphunzitsi akunena. Migwirizano imeneyi imakhala pamwamba, pakati pa mayunivesite akuluakulu. Siitsika kufika pa koleji ya mishoni kapena pa benchi ya Mai Nachisale.

Bambo Chirwa, Manchester:
Ndikufunseni mosabisa adokotala, ndipo funsoli ndikudzifunsanso ndekha chifukwa inenso ndili kunja. Tonse amene tinaphunzitsidwa ndi ndalama za migwirizano imeneyi, ndi angati tinabwerera? Kuphunzitsa anthu n'kumawataya ndiye kutunga madzi ndi dengu.

Dr. Kalua ku Durban:
Funso lachilungamo achimwene. Ine ndinabwerera nditamaliza, ndinakhala zaka 2. Ndinali ndi ofesi ndi kalasi ya ana 120, koma ndinalibe benchi, ndinalibe ndalama yogulira ngakhale bokosi la magolovesi a kafukufuku wanga. Munthu amene wangomaliza PhD ali ngati mbande yongowokedwa kumene, zaka zitatu zoyambazo ndi zimene amafuna madzi. Kwathu ndalama za nthawi imeneyo n'zochepa kwambiri. Mtima wanga uli kwathu ndipo ndikufunabe kubwerera. Chimene chingandibweze si malipiro a kuno ayi, koma kudziwa kuti pali labu imodzi yabwino imene wofufuza wa koleji iliyonse angalembetse n'kugwiritsa ntchito, osafunsidwa kuti ndiwe wa pulojekiti ya ndani.

Bambo Chirwa, Manchester:
Ndamva. Ine ndimayeza magazi m'chipatala kuno, ndipo chaka chilichonse ndimabwera kumudzi masabata atatu. Sabata imodzi ndikhoza kuipereka ku koleji ngati ya Aphunzitsi Kamanga, kuphunzitsa za kuonetsetsa kuti zotsatira za makina n'zolondola. Sindinadziwepo khomo logogoda.

Aphunzitsi Kamanga:
Khomo ndi lino a Chirwa. Mukadzafika mudzandiuze mwezi usanakwane kuti ndikonze ndi akuluakulu.

Bambo Tembo, Chipata:
Pali chinthu china chimene chimaopsa maboma athu pa nkhani yogawana zotsatira, tisachizembe. Mu Novembala 2021 a Sikhulile Moyo, m'bale wathu wa ku Zimbabwe wogwira ntchito mu labu ya ku Gaborone, pamodzi ndi anzawo a ku South Africa, anaona mtundu watsopano wa Covid umene unadzatchedwa Omicron. Anauza dziko lonse mwachangu monga mmene sayansi imafunira. Malipiro ake, m'masiku ochepa Britain ndi maiko ena anatseka maulendo ochokera kuno, Zambia, Malawi ndi Mozambique tinalowa m'gulu lomwelo. Ndiye mkulu wa boma akamazengereza kulengeza mliri kapena kupereka masampo, amakumbukira zimenezo. Koma kwa ine phunziro lake ndi lina: anatha kuona kachilomboko chifukwa Gaborone ndi ma labu a ku South Africa ankalankhulana kale, anali ndi makina ndi anthu amene anakulira pa ntchito ya HIV.

Achimwene Juliasi, Angonia:
Kolera nayenso. Inu a ku Malawi munataya anthu oposa 1,700 mu mliri wa 2022 ndi 2023, ife inatipeza, namondwe Freddy anabwera n'kuonjezera, kenako inafika ku Lusaka mpaka odwala anagonekedwa mu bwalo la mpira. Mliri umodzi, maiko atatu, aliyense akuwerenga yekha.

Mai Nachisale:
Ndawerenga zonse ndipo ndathokoza. Koma ndibwezeko nkhaniyi pansi pang'ono, chifukwa tikafika ku Gaborone ine ndimatsala m'mbuyo. Njinga zamoto zonyamula masampo a HIV ndi makhololo a TB zimafika pa chipatala chathu mosaphonya, chifukwa matenda amenewo ali ndi owalipirira. M'bokosi la wanjingayo mumakhala malo. Koma timachubu ta ana 7 aja sitikanakwera, si ta pulogalamu yake. Makina a GeneXpert oyezera TB tili nawo, ndimawasamala ngati mwana. Kuyambira Januwale 2025 pamene America inaimitsa thandizo lake lambiri, tonse tinaona mmene zinthu zomangidwa pa ndalama ya mlendo zimagwedezekera. Mlendo ndi mame. Ine sindikupempha makina atsopano. Ndikupempha kuti zimene zilipo kale, njinga, incubator ya koleji, fuliza ya a kafukufuku, zitsegukirane.

Injiniya Phiri:
Mayi, filiji yanuyo ndi ya mtundu wanji, ndipo imadya magetsi ochuluka bwanji? Jambulani kachitsulo kolembedwa kumbuyo kwake munditumizire. Nthawi zambiri mabatire awiri ndi inverter yaing'ono zimatha kuisunga usiku wonse. Ndiwerengere mtengo wake kuti mukhale ndi chogwirika popita kwa akuluakulu. Pakali pano muziika mabotolo a madzi oundana m'munsi mwake Lachisanu lililonse, ndipo magetsi akazima musamatsegule.

Mai Nachisale:
Ndijambula mawa m'mawa a Phiri. Mabotolo a madziwo ndiyamba sabata ino.

Chisomo M.:
Ine ndili ndi pempho kwa akuluakulu nonse. Chaka chamawa tikuyenera kuchita kafukufuku womalizira sukulu. Ambiri a ife timangogawa mapepala a mafunso kwa anzathu a pasukulu pomwepo chifukwa ndi zimene tingakwanitse, kenako bukulo limakagona pa shelefu. M'kalasi mwathu tilipo oposa 40. Bwanji mafunso athu azichokera kwa anthu ngati Amayi Nachisale ndi Aphunzitsi Kamanga? Wina atenge za likodzo, wina awerenge masampo angati amaonongeka pa chaka m'zipatala za m'maboma ndi chifukwa chake. Ine ndingakonde limeneli la masampo oonongeka. Palibe amene angatsutse nambala.

Agogo Gondwe:
Mwana uyu wanena chinthu. Mdzukulu wanga, ukapita kumeneko ukayambe wapereka moni kwa amene amatsuka mabotolo ndi wanjinga, ndi amene akudziwa kumene masampo amafera.

Dr. Kalua ku Durban:
Chisomo, funso limenelo ndi labwino kuposa mmene ukuganizira, ndipo silifuna ndalama zambiri. Koma usayambe kutolera kalikonse usanapeze chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ndi cha akulu a zaumoyo m'bomalo. Kambirana ndi aphunzitsi ako kaye. Akavomera, ine ndikhoza kukhala wothandizira kumbali. Bambo Tembo, Achimwene Juliasi, kodi kwanuko sikungapezeke mwana wasukulu mmodzi mmodzi woti afunse funso lomweli ndi fomu yofanana? Zotsatira za Mchinji, Chipata ndi Angonia zitaikidwa pa tebulo limodzi zikhoza kulankhula mokweza.

Bambo Tembo, Chipata:
Kuno ana a koleji amabwera pa attachment chaka chilichonse. Ndilankhula ndi aphunzitsi awo. Chilolezo chathu ndi china, chimadutsa ku makomiti a kuno, ndiye tiyambe msanga.

Achimwene Juliasi, Angonia:
Fomuyo ikatuluka nditumizireni ndiimasulire m'Chipwitikizi. Za chilolezo ndikafunsa ku Tete.

Aphunzitsi Kamanga:
Mai Nachisale, pepala la masamba atatu lija ndikadali nalo mu kompyuta. Ndichotsamo dzina la koleji yathu ndikutumizireni usiku uno, mukalionetse kwa akulu a labu yanu ndi a koleji yoyandikana nanuyo. Pa tsamba lachiwiri pali ndime ya amene asaine zotsatira ndi ya kutaya zinyalala zoopsa, pamenepo ndi pamene amakonda kufunsa mafunso, mukawerenge bwino musanapite.

Mai Nachisale:
Tumizani Aphunzitsi, ndikalipereka Lachinayi pa msonkhano wa m'mawa. Ndikayesanso kufunsa ku chipatala chachikulu za mwana uja, nambala ya fayilo yake ndinailemba m'buku langa. Pepani ndithawe kaye, wanjinga wafika ndipo makhololo a lero sindinamalize kulemba.